Rwanda: Dziko Limene Mtunda Wake Sutha

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenaka katsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Kaya muli pakhonde, kaya m'minibasi, kaya mukusenda nandolo, senderani kufupi ndi wailesi. Yakwananso nthawi ija timayendera mayiko a anzathu osalipira thiransipoti. Lero tilowera kumpoto, tidutse Tanzania, tikatulukire ku Rwanda. Mu situdiyo muno ndili ndi aphunzitsi anga a jogalafe, amene anandiphunzitsa kujambula mapu ndili Fomu 2. Anapuma pantchito, koma choko sichinawachoke m'manja. Aphunzitsi, takulandirani.

MPHUNZITSI: Zikomo mwana wanga. Mapu anu aja ndikuwakumbuka. Nyanja ya Malawi munkaijambula ngati chinangwa choti mbewa zalumako.

WOULUTSA: (Akuseka) Mwayambiratu kundiyalutsa pawailesi! Chabwino. Dziko la Rwanda ndi lalikulu bwanji?

MPHUNZITSI: Tiyezere pa chinangwa chanu chomwecho. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 29,600. Dziko lonse la Rwanda ndi masikweya kilomita 26,338. Ndiye kuti nyanja yathuyi payokha ikuposa dziko la eni ake lathunthu, malo a usipa n'kutsalako. Kumpoto kwake kuli Uganda, kum'mawa Tanzania, kum'mwera Burundi, kumadzulo DRC. Doko la nyanja yamchere alibe, monga ife. Koma pa kalembera wa 2022 m'kadziko kameneka anapezamo anthu 13.2 miliyoni. Mukagawa, pa sikweya kilomita imodzi pali anthu pafupifupi 500. Ife timadandaula kuti malo atichepera, chonsecho kalembera wathu wa 2018 anatipeza tili 186 pa sikweya kilomita. Tengani kuthithikana kwa ku Chiradzulu kuja, mukuyale dziko lonse.

WOULUTSA: Ndipo kuli kufupi ndi ikweta. Kuyenera kuti kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala.

MPHUNZITSI: Apo ndi pamene ana ambiri amalakwa mayeso, ndipo inenso mphunzitsi wawo ndinalakwa pomwepo. Nditapita kumeneko ndinalongedza malaya opepuka okhaokha, poti dzikolo lili madigiri awiri okha kum'mwera kwa ikweta. Usiku woyamba ku Musanze ndinakagogoda kwa mwini nyumba ya alendo kupempha bulangete lachiwiri. Chimene ndinaiwala n'chimene ndinkaphunzitsa chaka ndi chaka: ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndipo Rwanda ndi dziko lopachikika m'mwamba. Malo ake otsikitsitsa ali m'chigwa cha mtsinje wa Rusizi, cha ku Bugarama, pa mamita 950 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere. Mzinda wa Lilongwe uli cha pa mamita 1,050. Mukuona? Kumene iwo amati kuchigwa, kotentha, kolima mpunga, kwangotsala pang'ono kufanana ndi Lilongwe. Ife chigwa chathu cha Shire chimatsika mpaka mamita 37. Likulu lawo, Kigali, lili cha pa mamita 1,500, ngati pa boma pa Dedza.

WOULUTSA: Ndimamva akuti ndi dziko la mapiri chikwi. Alipo anawerenga?

MPHUNZITSI: Palibe. N'kunena chabe kuti mapiriwo satha. Koma musaganize za mapiri amiyala ngati Mulanje. Ambiri ndi zitunda zobulungira, ngati mitumbira ya mbatata yoti chimphona chinaunda, ichi kugundana ndi icho, pakati pake kachigwa ka dambo. Ukakwera chimodzi, kutsogolo kukudikira china. M'Chinyarwanda chitunda chotere amati umusozi, ndipo mawu amenewa ndi amene ndikufuna omvera awasunge lero, chifukwa kumeneko umusozi ndi keyala ya munthu. Ife mlendo timamufunsa kuti, "Kwanu ndi m'mudzi mwa yani?" Makolo a ku Rwanda ankafunsa kuti munthu ndi wa pa phiri liti. Midzi yoti nyumba zaunjikana pamodzi ngati kwathu kuno kunalibe. Banja lililonse linkamanga palokha, pakati pa munda wake wa nthochi, n'kuzunguliza mpanda. Pakhomo potere amati urugo. Ukayang'ana phiri kuchokera patali umangoona nthochi, ndi timadenga apa ndi apo ngati bowa. Boma linayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi, imene amaitcha imidugudu, nkhondo ya 1994 itatha, kuti madzi, magetsi ndi sukulu zifike mosavuta, komanso kuti minda ikhale yotambasuka.

WOULUTSA: Mawu enawa akumveka ngati achibale ndi Chichewa.

MPHUNZITSI: Ndi abale ndithu. Madzi amati amazi, mvula amati imvura, munthu ndi umuntu, nkhuku ndi inkoko. Ukatchera khutu pamsika umatola limodzi limodzi, ngati ukumvera wailesi yosokosera. Koma tisasochere, tibwerere kuphiri. Funso n'lakuti, anthu 500 pa sikweya kilomita, malo ake otsetsereka, mabanja ambiri munda wosafika hekitala imodzi, amalima bwanji nthaka osathawa?

WOULUTSA: Si akalozera ndi migula, ngati mmene alangizi amatiuzira kuno?

MPHUNZITSI: Zimenezo zilipo, koma iwo anapitirira. Amasema phiri kukhala makwerero. Ndinaima tsiku lina m'mbali mwa msewu wopita kumpoto kuonerera gulu la anthu likugwira ntchitoyi, ndipo basi inatsala pang'ono kundisiya. Poyamba amapala dothi lapamwamba, lachonde lija, n'kuliunjika pambali ngati mmene mayi amapatulira ufa woyera. Akatero amakumba kumtunda, dothi lofiira lapansilo n'kumaliponya kumunsi, mpaka pamalopo pakhale see ngati bwalo. Sapasiya mowongoka kwenikweni, amapapendeketsa pang'ono kuloza kuphiri, kuti madzi a mvula asalumphire kwa mnzako wam'munsi koma akhazikike n'kulowa pansi. Khoma la kutsogolo amalitsendera ndi mapazi ndi makasu, n'kubzalapo nsenjere. Pomaliza amabwezera dothi lachonde lija, kuthira manyowa ndi laimu, chifukwa dothi la m'mapiri amenewa ndi lowawasa. Nsenjereyo imagwira khoma, komanso ndi imene amamwetera ng'ombe ili m'khola, poti malo odyetsera palibe. Ng'ombeyo ipereke ndowe, ndowe zibwerere pa khwerero. Iwo amati amaterasi. Ndi ntchito yothyola msana, ndipo musamve ngati phiri lililonse analisema. Ambiri akadali otsetsereka, ndipo umboni wake ndi mtsinje wa Nyabarongo, umene madzi ake ndi ofiira ngati tiyi wamkaka wothira masamba ambiri. Limenelo ndi dothi la minda ya anthu likupita ku Tanzania ndi ku Uganda popanda pasipoti.

WOULUTSA: Mvula kumeneko imagwa nthawi yofanana ndi kuno?

MPHUNZITSI: Ayi, iwo dzinja amaliona kawiri pachaka. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Juni mpaka Seputembala ndi chilimwe. Kenaka mvula ina Okutobala mpaka Disembala, n'kudukiza pang'ono mu Januwale ndi Febuluwale. Ndiye nyemba amakolola kawiri. N'chifukwa china chimene kadziko kotere kamathera kudyetsa namtindi wa anthu.

WOULUTSA: Mwatchula Nyabarongo. Tiuzeni za mitsinje.

MPHUNZITSI: Omvera ayerekeze denga la nyumba yamalata. Pamwamba pali msana, mvula ikagwa ina imatsikira kuseri, ina kukhomo. Kumadzulo kwa Rwanda kuli msana wotere, mtandadza wa mapiri otalika mamita 2,500 mpaka kuyandikira 3,000, wochokera kumpoto mpaka kum'mwera. Dontho logwa kumadzulo kwa msanawo limatsikira m'nyanja ya Kivu, kutuluka ndi mtsinje wa Rusizi, kulowa m'nyanja ya Tanganyika, kuchoka apo n'kukalowa mu mtsinje wa Congo, ulendo wa ku Atlantic. Mnzake wogwa mapazi ochepa chabe kum'mawa amalowa mu Nyabarongo. Nyabarongo akakumana ndi Akanyaru amasanduka Akagera, Akagera amathira mu nyanja ya Victoria, ndipo m'menemo ndi mmene mumatuluka Nile. Dontho limenelo likathera ku Egypt. Magawo anayi mwa asanu a dzikoli madzi ake amapita ku Nile.

Pamsana pomwepo, cha kum'mwera, pali nkhalango ya Nyungwe, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,000. Ndi nkhalango yamvula ya m'mapiri, yakale kwambiri, ndipo muli mitundu 13 ya anyani ndi abale awo, kuphatikizapo achimpanzi. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. M'menemo ndi mmene mumachokera kamtsinje ka Rukarara, kamene Mjeremani wina, Richard Kandt, anakalondola mu 1898 pofunafuna gwero la Nile. Dzina la mkuluyu mulisunge, tikumana nayenso. M'mphepete mwa nkhalangoyo, ku Gisakura ndi ku Kitabi, ndi tiyi yekhayekha. Wa ku Thyolo atafika kumeneko angayese wafika kwawo.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili ku Rwanda ndi aphunzitsi anga a jogalafe. Aphunzitsi, ku Musanze kumene munazizidwa kuja kuli chiyani?

MPHUNZITSI: Kuli mapiri amoto. Chigwa chachikulu chong'ambika chimene muli nyanja yathu, Rift Valley, chimapitirira kumpoto: Malawi, Tanganyika, Kivu, Edward, Albert, nyanja zonsezi zili pa mng'alu umodzi. Pamene dziko likung'ambika, moto wapansi umapeza potulukira. Kumpoto kwa Kivu unatuluka n'kuunda mapiri asanu ndi atatu otchedwa Virunga, ndipo asanu mwa iwo ali m'malire a Rwanda: Karisimbi, Bisoke, Sabyinyo, Gahinga ndi Muhabura. Lalitali ndi Karisimbi, mamita 4,507. Sapitwa wathu ndi 3,002, ndiye muwonjezerepo kilomita ina ndi theka. Pamwamba pake nthawi zina pamayera ndi chisanu, ikweta ili pafupi pomwepo. Bisoke ali ndi kanyanja pamutu, m'chibowo mmene munkatulukira moto. Amene amandisangalatsa ine ndi Sabyinyo. Nsonga zake n'zogweluka ngati mano a nkhalamba, ndipo dzinalo likuchokera ku liwu lawo la dzino, iryinyo. Pansonga yake pamakumana mayiko atatu, Rwanda, Uganda ndi DRC.

Mapiri amenewa ndi amene anatembenuza madzi. Kalekale madzi a dera la Kivu ankapita kumpoto, cha ku nyanja ya Edward. Chiphalaphala chitatseka njira, madzi anadzaza chigwa mpaka anasefukira kum'mwera, n'kukumba Rusizi. Ngakhale Nyabarongo mukamuona pa mapu, amayamba ulendo wolowera kumpoto, akayandikira mapiriwo n'kupotoloka ngati munthu wakumana ndi apongozi panjira.

WOULUTSA: (Akuseka) Nanga anthu sachita mantha kulima m'tsinde mwa mapiri otere?

MPHUNZITSI: A mbali ya Rwanda anagona kalekale, ndipo phulusa lawo ndiye chuma. Dothi lake ndi lakuda bii, lofewa, losakanikirana ndi miyala yobowokabowoka ngati siponji. Miyalayo amaitola n'kumangira mipanda ya minda. Kumeneko ndiye kwawo kwa mbatatesi, komanso maluwa oyera a pyrethrum opangira mankhwala ophera tizilombo. M'mawa mukaima pamsewu wochokera ku Kinigi kutsikira m'tauni ya Musanze muona zimene akabaza athu sanazione. Mnyamata wamanga matumba a mbatatesi awiri kapena atatu panjinga, kumbuyo kwachita kuphwatalala, iye wagonera pa handulo, liwiro lake la galimoto. Mabuleki akachepa mphamvu amakhwekhwereza phazi pa tala, nsapato yake yodula ku tayala ikuchita kununkha kupsa. Pobwerera, mtunda wonse uja, amadikira lole yokwera pang'onopang'ono, n'kugwira kumbuyo kwake ndi dzanja limodzi. Apolisi amaletsa, koma mtunda nawo suchita chibwana.

WOULUTSA: Anyani akuluakulu aja, agorila, ali komweko?

MPHUNZITSI: Komweko, pamwamba pa minda, m'nkhalango ya nsungwi. Malire a munda ndi nkhalango ndi mpanda wamiyala basi: uku mbatatesi, uku gorila. Nkhalangoyi inatetezedwa mu 1925, m'nthawi ya Abelgium, ndipo inali gawo la paki yoyamba mu Africa. Mayi wa ku America, Dian Fossey, anamanga msasa wake wa kafukufuku mu 1967 pakati pa Karisimbi ndi Bisoke, n'kuutcha Karisoke, kulumikiza mayina awiriwo. Anaphedwa komweko mu 1985. Agorila a m'mapiri padziko lonse angopitirira pang'ono 1,000, ndipo amapezeka m'mayiko atatu okhawa. Mlendo wakunja wofuna kukakhala nawo ola limodzi ku Rwanda amalipira madola 1,500. Ola limodzi! Ine ndinangowaonera pa chithunzi cha pa ndalama yawo.

Koma nkhani ya kumpoto imene ndimafuna a ku Malawi aimve ndi ya dambo la Rugezi. Dambo limeneli lili pamwamba, limathira madzi m'nyanja ya Burera, Burera amathira mu Ruhondo, ndipo pakati pa nyanja ziwirizi pali malo opangira magetsi a Ntaruka, kumunsi kwake kuli ena a Mukungwa. Anthu atapanikizika ndi malo analowa m'dambomo, kukumba ngalande, kulima. Dambo linauma, nyanja zinaphwa, ndipo pofika 2004 makina ankazungulira mwa apo ndi apo. Dziko linalowa mumdima, boma n'kumabwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Anachita kuletsa ulimi m'dambomo, kutseka ngalande, kubzala mitengo m'mapiri ozungulira. Patapita zaka zochepa madzi anabwerera, makina n'kuyambanso kulira. Aliyense amene anakhalapo mumdima chifukwa cha zinyalala ndi matope a mu Shire pa Nkula akudziwa chimene ndikunena.

WOULUTSA: Titsikire kunyanja tsopano. Kivu ikufanana ndi nyanja yathu?

MPHUNZITSI: Pamaso ikufanana ndi cha ku Nkhata Bay, mapiri kugwera m'madzi, timagombe tobisika. Koma ndi yaing'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi a yathu, ndipo ili pamwamba, mamita 1,460, pamene yathu ili pa 474. Kuya kwake ndi mamita pafupifupi 480. Ng'ona mulibe, mvuu mulibe. Chimene chilimo n'choopsa kuposa ng'ona. Pansi pa nyanjayi pali mpweya wochuluka zedi wosungunuka m'madzi, wina wa carbon dioxide wochokera ku moto wapansi uja, wina wa methane, womwe uja umatuluka mu ndowe zikamaola n'kumayaka. Tengani botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi losatsegula. Mpweya uli m'menemo koma suoneka, chifukwa chitsekerero chaupanikiza. Ku Kivu chitsekerero ndi kulemera kwa madzi apamwamba. Chinthu chitavundula nyanjayo mwamphamvu, mpweyawo ungatuluke nthawi imodzi. Zinachitikapo ku Cameroon mu 1986, pa kanyanja ka Nyos: mpweya unatsika m'zigwa usiku n'kupha anthu oposa 1,700 ali m'tulo, ndi ziweto zomwe. Nyos ndi kadziwe poyerekeza ndi Kivu, ndipo m'mbali mwa Kivu mukukhala anthu mamiliyoni.

WOULUTSA: Mwatiopsatu, aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Akatswiri amaiyeza nthawi ndi nthawi, ndipo madzi ake apansi ndi olemera, okhazikika, savunduka wamba. Chimene anachita a ku Rwanda n'kusandutsa chiopsezocho kukhala nkhuni. Pafupi ndi tauni ya Karongi pali chiphaka choyandama pa nyanja, chokhala ndi mapaipi otsika mamita oposa 300. Madzi apansi akamakwera m'paipi, mpweya umawira wokha ngati botolo lija latsegulidwa. Amapatula methane, kumutumiza kumtunda, n'kuyendetsera makina. Malo amenewa, otchedwa KivuWatt, anawatsegulira mu 2016 ndipo amapereka mamegawati 26. Ndipotu nzeruyi si yatsopano: fakitale yofulula mowa ya ku Gisenyi inayamba kuwiritsira mpweya wa m'nyanjayi m'zaka za m'ma 1960.

Usiku pa Kivu ndinasowa kwathu. Dzuwa likamalowa asodzi amatuluka ndi mabwato atatuatatu omangidwa pamodzi ndi mitengo, kutsogolo ndi kumbuyo kuli nsichi zazitali zogwirira ukonde, akupalasa mogwirizana uku akuyimba. Mdima ukagwira amayatsa nyali, nyanja yonse waliwali ngati tauni. Akufuna isambaza, kansomba konga usipa. Kameneka si kobadwira m'menemo. Anakatenga ku Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ndi kapenta yemwe uja anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe amamudziwa ku Kariba.

WOULUTSA: Matauni a m'mbali mwa nyanjayi ndi ati?

MPHUNZITSI: Atatu. Pakati pali Karongi. Kum'mwera kuli Rusizi, moyang'anizana ndi Bukavu wa ku DRC, pakati pawo mtsinje ndi mlatho. Kumpoto kuli Rubavu, amene wagundana khoma ndi khoma ndi Goma. Pachipata chaching'ono cha pakati pawo, kukakhala bata, pamadutsa anthu zikwizikwi tsiku lililonse, ambiri amayi osenza tomato, kabichi ndi mkaka. Kuseri kwa Goma kuli Nyiragongo, phiri la gulu lomwe lija la Virunga koma losagona. Mu Januwale 2002 chiphalaphala chake chinadutsa pakati pa Goma mpaka kukathira m'nyanja, anthu mazanamazana a zikwi n'kuthawira ku Gisenyi. Linaphulikanso mu Meyi 2021, ndipo zivomezi zotsatira zinang'amba nyumba ndi misewu ku Rubavu. Komabe chimene chimapha anthu kawirikawiri m'dera limeneli ndi madzi. Usiku wa pa 2 Meyi 2023, ife tisanapukute misozi ya namondwe Freddy wa mu Malichi, mvula inagwa pamsana paja, mapiri anagumuka, mtsinje wa Sebeya unasefukira, anthu oposa 130 anafa. Ndi napolo yemweyo amene anatsika mu Soche. Madzi saiwala khwawa, kaya ndi ku Chilobwe kaya ndi ku Rubavu.

WOULUTSA: Ndaona kuti mukuti Rubavu, mukutinso Gisenyi. Ndi malo awiri?

MPHUNZITSI: Ndi amodzi, ndipo zimasokoneza alendo ambiri. Mu 2006 boma linagawanso dziko kukhala zigawo zisanu ndi maboma 30, ndipo matauni ambiri anayamba kudziwika ndi mayina a maboma atsopanowo. Gisenyi ndi Rubavu, Ruhengeri ndi Musanze, Kibuye ndi Karongi, Cyangugu ndi Rusizi, Gitarama ndi Muhanga, Butare ndi Huye. Kondakitala wa basi akhoza kukuwa dzina lakale, chikwangwani chikunena latsopano. China chimene anasinthira n'chakuti zigawo zakalezo zinali zitamatirira ku mbiri yowawa. Kuyambira pa 7 Epulo 1994, kwa masiku pafupifupi 100, Atutsi anaphedwa mwa chiwembu chofuna kuwatheratu, pamodzi ndi Ahutu amene ankakana zimenezo. Owerengera ena amati anthu 800,000, boma la Rwanda limati oposa miliyoni. Jogalafe yomwe tikukambayi inali m'kati mwa nkhaniyo. Pa phiri aliyense amadziwa mnzake, ndiye pobisala panalibe. Ena anathawira m'madambo a gumbwa. Pa mapiri a Bisesero, kumtunda kwa Kibuye, anthu anadziteteza ndi miyala ndi mikondo kwa milungu yambiri. Ndipo Nyabarongo ndi Akagera ananyamula mitembo mpaka ku nyanja ya Victoria. Chaka chomwecho ndi chimene msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa kulandira othawa kwawo a m'chigawo chimenechi.

(Kachetechete pang'ono)

WOULUTSA: Zomvetsa chisoni. Tiyeni ku likulu, aphunzitsi. Kigali anthu amaitama ukhondo.

MPHUNZITSI: Ndi yaukhondodi. Majumbo apulasitiki analetsa mu 2008, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi m'mawa magalimoto amaima, anthu n'kutuluka kukagwira ntchito yachitukuko, imene amati umuganda. Koma chimene chimandidabwitsa ine monga wa jogalafe ndi ubwana wa mzindawu. Anthu omwazikana m'mapiri samanga matauni. Ngakhale mfumu inkasamukasamuka, mpaka likulu lake linakhazikika ku Nyanza mu 1899. Kigali anayambitsa ndi Richard Kandt yemwe uja mu 1907, atakhala woimira boma la Germany. Abelgium atatenga dzikolo anakonda Butare, n'kumutcha Astrida polemekeza mfumukazi yawo Astrid, ndipo kumeneko ndi kumene kunadzamangidwa yunivesite yoyamba mu 1963. Pa ufulu, pa 1 Julayi 1962, anasankha Kigali chifukwa ali pakatikati pa dziko. Nkhani yake ikufanana ndi ya Zomba ndi Lilongwe. Nthawi imeneyo Kigali anali ndi anthu pafupifupi 6,000 okha. Mu 2022 anali 1.7 miliyoni.

Mzindawo wakhala pa zitunda, dera lililonse phiri lake: Nyarugenge, Kacyiru, Kimihurura, Remera. Malo ukuwaona ndi maso tsidya lija, koma kuti ukafike utsike chigwa, uzungulire, ukwerenso. N'chifukwa chake njinga zamoto zili ponseponse, woyendetsa aliyense ndi chipewa chachiwiri cha wokwera. Ndipo pansi pa zonse, m'chigwa, pali depoti yaikulu ya mabasi ya Nyabugogo, pamene madzi a m'mapiri onsewo amakumanirana. Mvula ikagwa yamphamvu, pamenepo ndi pamene pamayamba kusefukira.

WOULUTSA: Kum'mawa sitinafikeko.

MPHUNZITSI: Kumeneko tidutse mothamanga, poti wa ku Kasungu sangadabwe nako. Zitunda zimafupika, mvula imachepa, mitengo yaminga ndi udzu, ng'ombe zanyanga zazitali, mkaka wa ku Nyagatare. M'malire ndi Tanzania muli paki ya Akagera, ya nyanja zing'onozing'ono ndi madambo a gumbwa. Mu 1997 anaidula kupitirira theka kuti othawa nkhondo obwerera kwawo apeze malo. Mikango inatha, anachita kukaitenga ku South Africa mu 2015, zipembere mu 2017. Amene amathandiza kuyendetsa pakiyo ndi African Parks, omwe aja ali ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Kum'mwera kwake kuli mathithi a Rusumo, pamene pali chipata cholowera ku Tanzania. Njanji m'dziko lonselo mulibe, ndiye mafuta, feteleza, simenti ina, zimabwera pa mathiraki kuchokera ku Dar es Salaam, makilomita oposa 1,400, kapena kuchokera ku Mombasa kudzera ku Uganda.

WOULUTSA: Ndiye kadziko kakang'ono, koma maulendo ake ataliatali.

MPHUNZITSI: Ngakhale m'kati momwemo. Kuchoka ku Kigali kupita ku Rubavu ndi makilomita pafupifupi 150, koma konzekerani maola atatu kapena kuposa, msewu ukupindika ngati njoka yomenyedwa. Tala wake ndi wabwino, vuto ndi mtunda. Tsono taganizani mayi wataya magazi pobereka pa chipatala cha kuseri kwa mapiri khumi, nyengo ya mvula. Mu Okutobala 2016, ku Muhanga, anayamba kutumiza magazi pa tindege topanda woyendetsa ta kampani ya Zipline. Chipatala chimatumiza uthenga pa foni, kandege kamaponyedwa m'mwamba ngati mwala wa pa legeni, kamadutsa pamwamba pa zitunda zonse zija, n'kukagwetsa kabokosi ka magazi pa kambulera kapepala pabwalo la chipatala. Ulendo wa maola pa galimoto umatha mphindi zochepa.

Ndipo anyamata a mbatatesi aja sanapalase pachabe. Dzikolo linatchuka ndi mpikisano wa njinga wa Tour du Rwanda, ndipo mu Seputembala 2025 Kigali analandira mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu, koyamba kuchitikira mu Africa. Mu mzindamo muli kamsewu koyalidwa miyala, kotsetsereka koopsa, kamene eni ake amati Kwa Mutwe. Akatswiri a ku Ulaya amafika pamwamba pake malilime ali kunja, pamene amayi a m'deralo amakwera pomwepo tsiku ndi tsiku, dengu la nthochi pamutu, mwana kumsana.

WOULUTSA: Aphunzitsi, wotiyendetsera makina akundilozera wotchi. Koma ndikukudziwani, simutuluka m'kalasi osasiya homuweki.

MPHUNZITSI: Ilipo. Ana a sukulu amene akumvera atenge atilasi, aike chala pa Kigali. Dontho la mvula lagwa pa depoti ya Nyabugogo. Alilondole ndi chala, mtsinje ndi mtsinje, mpaka likathire m'nyanja ya Mediterranean, ndipo alembe mayiko onse amene ladutsamo. Inunso mwana wanga mulembe, ndidzachonga ndi cholembera chofiira.

WOULUTSA: Mwamva nokha omvera, ngakhale ine sindinapulumuke. Mayankho tidzawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, tisanatsike ndi mtsinje wa Rusizi kulowa m'dziko la Burundi.



(Kanyimbo kotsekera)